Poul la Cour: Mphunzitsi Amene Anasandutsa Mphepo Kukhala Magetsi

M'caka ca 2024 mvula inakana m'madera ambiri a dziko la Zambia, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba ndi mumtsinje wa Kafue, ndipo popeza mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino imacokera ku madzi, mizinda inagwa mumdima. Panali masiku ena pamene anthu a ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga anali kuona magetsi kwa maola atatu okha pa tsiku. Amisiri owocherera zitsulo, osoka zovala, ometa tsitsi ndi ogulitsa nyama anakhala manja lende. M'masitolo a ku Kamwala, katundu amene anali kuyenda malonda anali mabatire, majenereta ndi masola. Koma m'mwezi wa Ogasiti, pamene madamu anali kuphwerabe, mphepo inali kuomba mu Lusaka usana ndi usiku, kuulutsa fumbi ndi mapepala m'misewu, popanda woikola kuti igwire nchito.

Funso lakuti mphepo ingathandize bwanji anthu osowa magetsi si la lero ai. Zaka zoposa 130 zapitazo, mphunzitsi wina wa m'dziko la Denmark, ku Ulaya, anaima pa bwalo la sukulu ya kumudzi nadzifunsa funso lomweli. Dzina lake linali Poul la Cour. Iwo sanali oyamba kupanga magetsi ndi mphepo, koma ndiwo anaphunzira nchitoyi mwadongosolo, naiika m'manja mwa ana a alimi, ndi kuyambitsa maphunziro a amisiri oyenda m'midzi kukamanga ndi kulumikiza makina a mphepo. Injiniya aliyense amene lero amakumba ngalande za mawaya pansi pa nsanja zazitali za makina otere akuyenda m'njira imene bamboyu analambula.

Ubwana ndi maphunziro

Bambo la Cour anabadwa pa 13 Epulo, 1846, pa famu ya Skærsø, pafupi ndi tauni ya Ebeltoft, m'dera la Jutland. Atate awo anali mlimi wokonda kuyesa njira zatsopano za ulimi. Ali mnyamata anatumizidwa ku sukulu ya m'tauni ya Randers, ndipo colinga cao cinali cakuti adzakhale mbusa wa mpingo. Koma maphunziro a ubusa m'masiku amenewo anali kufuna munthu wodziwa bwino Cilatini ndi Cigriki, ndipo m'zilankhulo zimenezi mnyamatayu sanali kukhoza kweni-kweni, ngakhale kuti pa masamu anali katswiri. Cotero khomo la ubusa linatsekeka. Mkulu wao, Jørgen Carl la Cour, amene anadzachuka pa maphunziro a zaulimi, ndiye anawalangiza kuti atembenukire ku sayansi ya zanyengo, imene panthawiyo inali yatsopano.

Anaphunzira ku Copenhagen, likulu la dzikolo, namaliza mu 1869. Pambuyo pake anayenda m'maiko ena a ku Ulaya kukaona mmene anzao anali kupimira mphepo, mvula ndi kutentha, ndipo ku Holland anakhala kwa kanthawi ndi katswiri wamkulu wa zanyengo, Buys Ballot. Pamene boma la Denmark linatsegula likulu loona zanyengo mu 1872, Bambo la Cour anasankhidwa kukhala waciwiri kwa mkulu wa likululo, ali ndi zaka 26 zokha.

Luso la lamya ndi kukhumudwa koyamba

Munthu wolosera zanyengo amafuna kudziwa msanga zimene zikucitika m'madera akutali, ndipo m'masiku amenewo uthenga wacangu unali kuyenda pa waya wa lamya. Vuto linali lakuti waya umodzi unali kunyamula uthenga umodzi wokha pa nthawi imodzi, ndipo kumanga mawaya ambiri kunali kodula. Mu 1874 Bambo la Cour anapeza njira yotumizira mauthenga angapo pa waya umodzi. Anagwiritsa nchito tizitsulo ta mphanda ziwiri, tonga timene oyimba amayesera mau, timene kalikonse kamalira ndi liwu lake-lake. Uthenga uliwonse unali kupatsidwa liwu lake, ndipo kumapeto kwa waya kacitsulo ka liwu lomwelo ndiko kokha kanali kuyankha.

Lusoli linalembetsedwa ku London m'caka comweco. Koma ku Amereka kunali munthu wina, Elisha Gray, amene anali kukonza cinthu cofanana naco, ndipo panabuka mkangano wakuti mwini luso ndani. Kuzenga mlandu wotere kutsidya la nyanja kunali kufuna ndalama zambiri zolipira maloya, zimene Bambo la Cour analibe. Anasiya mlanduwo, ndipo ulemu ndi phindu ku Amereka zinapita kwa ena. Iwo sanataye mtima. Anapanga cipangizo cina, gudumu la mano a citsulo limene linali kuzungulira pa liwiro losasintha molamulidwa ndi kacitsulo ka mphanda kaja, ndipo mu 1878 analemba buku lofotokoza za gudumulo. Cipangizoci cinathandiza kuti makina awiri otalikirana aziyendera pamodzi ndendende, ndipo cinagwira nchito pa mawaya a lamya ndi m'zipangizo zopimira nthawi.

Kucoka mumzinda kupita kumudzi

Apa ndi pamene moyo wao unakhota. Kupyolera mwa mkazi wao, Mai Hulda Barfod, Bambo la Cour anakopeka ndi maganizo a mbusa ndi mphunzitsi wochuka, N.F.S. Grundtvig, amene anali kuphunzitsa kuti anthu wamba a kumidzi ayenera kukhala ndi sukulu zao za akulu, zopanda mayeso, kumene anyamata ndi atsikana a pa mafamu angaphunzire mbiri ya mtundu wao, cilankhulo cao ndi nzeru zothandiza pa moyo. Mu 1878 iwo anasiya moyo wa mumzinda waukulu napita kukaphunzitsa masamu ndi sayansi pa sukulu yotere m'mudzi wa Askov, imene mkulu wake anali Ludvig Schrøder.

Askov anali malo a cisoni ndi ciyembekezo pamodzi. Mu 1864 dziko la Denmark linagonja pa nkhondo yolimbana ndi Prussia ndi Austria, nilandidwa zigawo zake za kumwera. Sukulu imene inali ku Rødding inapezeka kuti yatsala kutsidya la malire atsopano, ndipo aphunzitsi ake anasamukira ku Askov mu 1865, pamtunda waufupi kucokera pa malirewo. Mtundu umene unataya nthaka unatsimikiza mtima kupeza mphamvu zatsopano mwa anthu ake omwe.

Ophunzira a Bambo la Cour anali ana a alimi, ozolowera khasu ndi ng'ombe kuposa colembera. Cifukwa ca ici iwo sanayambe ndi malamulo ouma a masamu. Anali kufotokoza mmene anthu akale a ku Igupto, ku Babulo ndi ku Grisi anakumanirana ndi mavuto a kupima minda ndi kuwerenga nyengo, ndi mmene anawathetsera, kuti wophunzira aone kuti nzeru iliyonse inabadwa cifukwa ca kusowa kwa anthu. Kaphunzitsidwe kameneka anakalemba m'mabuku a mbiri ya masamu ndi mbiri ya sayansi, ndipo laciwirilo analemba pamodzi ndi mphunzitsi mnzao, Jacob Appel. Anali munthu wopemphera, ndipo sanaone udani uliwonse pakati pa cikhulupiriro cao ndi kufufuza zolengedwa.

Dziko lopanda malasha ndi mathithi

Pofika ca m'ma 1890 magetsi anayamba kulowa m'mizinda ikulu-ikulu ya ku Ulaya. Bambo la Cour anaona ngozi imene inali kubwera. Makampani anali kumanga nyumba za magetsi kumene kunali anthu ambiri olipira, ndipo midzi inali kutsala mumdima. Anyamata anali kuthawa nchito yolemetsa ya pa famu kupita ku mafakitale a m'tauni, ena kuwoloka nyanja kupita ku Amereka. Ndiponso dziko la Denmark linalibe migodi ya malasha yodalirika, linalibe mitsinje ya mathithi yonga Kafue kapena Zambezi, ndipo malasha anali kugulidwa kunja. Cuma cimene dzikolo linali naco coculuka cinali mphepo ya kunyanja, imene kwa zaka mazana ambiri inali kuyendetsa zigayo za tirigu.

Ena anali atayesa kale. Mu 1887 James Blyth wa ku Scotland anaunikira nyumba yake ya ku Marykirk ndi magetsi a mphepo, ndipo mu 1888 Charles Brush wa ku Cleveland, ku Amereka, anamanga cimakina ca mapiko 144 cimene cinali kutulutsa makilowati 12. Koma awa anali makina a nyumba imodzi-imodzi. Bambo la Cour anali kufuna makina amene mudzi wathunthu kapena gulu la alimi lingathe kugula, kuyendetsa ndi kukonza lokha. Anapempha thandizo ku boma, ndipo mu 1891 makina oyamba oyesera anaimikidwa ku Askov.

Mavuto awiri a mphepo

Mphepo ili ndi makhalidwe awiri ovuta. Loyamba ndi lakuti siomba mofanana: tsopano yawinduka, tsopano yafooka. Mphamvu yake siikula pang'ono-pang'ono ai, pakuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene ili m'mphepoyo imawirikiza kasanu ndi katatu. Dainamo, amene ndi makina osandutsa kuzungulira kukhala magetsi, amafuna kuzungulira kokhazikika. Pothetsa vutoli Bambo la Cour anapanga cipangizo ca malamba, mapule ndi zolemera, cimene anacicha kratostat. Mphepo ikakula mopitirira, lamba anali kuterereka pang'ono, kotero kuti mphamvu yofika ku dainamo inali yosasintha-sintha.

Vuto laciwiri ndi lakuti mphepo imaleka, ndipo kawiri-kawiri imaleka pa nthawi imene munthu afuna nyale. Mabatire a masiku amenewo anali odula kwambiri. Iwo anaganiza zosunga mphamvu ya mphepo m'njira ina. Magetsi akapitirizidwa m'madzi amagawa madziwo kukhala mipweya iwiri, haidrojeni ndi okosijeni. Mothandizana ndi katswiri wa ku Italy, Pompeo Garuti, anakonza zipangizo zogawira madzi motero, nasunga mipweyayo m'matanki. Madzulo mipweya inali kuyenda m'mipope kupita ku nyale, kumene lawi lake linali kutentha kacidutswa ka mwala wapadera mpaka kuwala kuti mbee. Kuyambira mu 1895 mpaka mu 1902 sukulu ya Askov inali kuunikiridwa motero.

Nchitoyi sinali yopanda ngozi. Haidrojeni ikasakanizika ndi okosijeni pang'ono pokha imaphulika, ndipo kangapo konse magalasi a mazenera anasweka ndi kuphulikako. Anayesanso kuyendetsa injini ndi mpweya umenewu, koma sizinatheke bwino. Ngakhale zinali tero, ganizo lao silinafe. M'zaka zino maiko olemera abwereranso ku njira yomweyi yosungira mphamvu ya mphepo ndi ya dzuwa mu haidrojeni.

Mapiko angati?

Mu 1897 boma linapereka ndalama zomangira makina aakulu kuposa oyamba aja, pamwamba pa nyumba ya njerwa yokhala ndi zipinda zoyeseramo. M'nyumbamo Bambo la Cour anali ndi mipita iwiri yopangira mphepo, imene inali pakati pa mipita yoyamba pa dziko lapansi yoyesera mapiko a makina otere. Anali kuika timakina tating'ono ta mapiko osiyana-siyana kutsogolo kwa mphepo yopimidwa bwino, ndi kulemba mphamvu imene kalikonse kanatulutsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nchito imeneyi inatenga zaka.

Anthu ambiri, ndi amisiri omwe, anali kukhulupirira kuti mapiko akaculuka ndiye kuti agwira mphepo yambiri. Zoyesa za ku Askov zinaonetsa kuti pa nchito ya magetsi zimenezi si zoona. Makina a mapiko ambiri, onga amene amapopa madzi pa mafamu, amayamba msanga kuzungulira koma amayenda pang'ono-pang'ono. Dainamo amafuna liwiro, ndipo liwiro limabwera ndi mapiko owerengeka, opyapyala, opendekeka pang'ono, amene nsonga zake zimathamanga kuposa kawiri liwiro la mphepo yeni-yeniyo. Iwo anatsimikiza kuti mapiko anai ndiwo anali oyenera pa makina a nthawi yao.

Coonadi cimeneci cinawapezera adani. Makina a 1897 poyamba anali ndi mapiko asanu ndi limodzi opangidwa ndi mmisiri wina, Christian Sørensen, ndipo pamene Bambo la Cour anawacotsa ndi kuikapo mapiko anai, panabuka mkangano woopsa. Akatswiri ena a ku Copenhagen anatsutsa zoyesa zao, ndipo mu 1902 boma linacepetsa thandizo lake. Koma m'caka comweco makina a ku Askov anasanduka nyumba ya magetsi ya mudzi wonse. Mabatire anali atayamba kuchipa, cotero analowa m'malo mwa matanki a mpweya, ndipo panaikidwa injini ya mafuta yothandiza pa masiku a bata. Iwo anapanganso swichi yodziyendera yokha, imene inali kulumikiza dainamo ku mabatire mphepo ikakwana, ndi kudula mphepo ikafooka, kuti magetsi osungidwa asabwerere m'mbuyo. Nyumba imeneyi inatumikira mudzi wa Askov mpaka mu 1958.

Amisiri a magetsi a kumidzi

Nchito yaikulu koposa ya moyo wao inabwera kumapeto. Iwo anazindikira kuti makina abwino sapindula kanthu ngati m'mudzi mulibe munthu wodziwa kuwaimika, kukoka mawaya, kusamala mabatire ndi kupeza pamene pafa. Mmisiri wocokera mumzinda anali wodula, ndipo sakanabwera msanga nyale zikazima. Cotero mu 1903 anayambitsa bungwe la magetsi a mphepo la dziko la Denmark, ndipo mu 1904 bungweli linayamba kusindikiza magazini yake ndi kutsegula maphunziro a amisiri a magetsi a kumidzi.

Ophunzira anali anyamata a pa mafamu, osula zitsulo ndi akalipentala. Kwa miyezi itatu anali kukhala ku Askov, kuphunzira za magetsi, masamu, kujambula mapulani, cilankhulo ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama, pakuti mmisiri wa kumudzi anayenera kudziwanso kuwerengera mtengo wa nchito ndi kulemba kalata. Pa nthawi yomweyo anali kusamala makina a pa sukulupo ndi manja ao. Akamaliza za m'kalasi anali kutumizidwa kukagwira nao nchito yeni-yeni yomanga nyumba yaing'ono ya magetsi kwina kwake m'dzikolo, kuimika mitengo, kukoka mawaya ndi kulowetsa magetsi m'nyumba ndi m'makola. Maphunzirowa anapitirira mpaka ca m'ma 1918, ndipo amisiri oposa 200 anatuluka m'menemo.

Bungweli linali kulangizanso midzi ndi magulu a alimi ofuna kumanga nyumba zao za magetsi. Alimi a ku Denmark anali atazolowera kale kugwirizana m'makopaletivu a mkaka kuyambira mu 1882, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo anacita cimodzi-modzi pa magetsi. Bambo la Cour sanaumirire mphepo pamene sinali kuyenera. Kumene injini ya mafuta kapena madzi zinali zabwino koposa, bungwe linali kulangiza zimenezo, pakuti colinga cinali cakuti mudzi uone kuwala ndi kuti nchito ya mlimi ndi mkazi wake ipepuke.

Imfa yao ndi mbeu imene anafesa

Bambo Poul la Cour anamwalira ku Askov pa 24 Epulo, 1908, ali ndi zaka 62. Pofika mu 1918, pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inadulitsa malasha ndi mafuta, nyumba za magetsi za kumidzi pafupi-fupi 120 zinali ndi makina a mphepo. Nkhondo itatha mafuta anachipa, mawaya a mphamvu yaikulu anafalikira kucokera m'mizinda, ndipo makina ambiri a mphepo anasiyidwa. Anakumbukiridwanso pa nkhondo yaciwiri, mafuta atasowanso, kenaka anaiwalikanso.

Koma m'kalasi loyamba la 1904 munali mnyamata wa zaka 17, wamng'ono pa onse, dzina lake Johannes Juul. Iyeyu anakhala injiniya wa kampani ya magetsi ya SEAS, ndipo atakalamba anabwerera ku zimene anaphunzira ku Askov. Mu 1957 anaimika ku Gedser makina a mapiko atatu, otulutsa makilowati 200, olumikizidwa ku mawaya a dziko lonse, okhala ndi mabuleki a kunsonga kwa mapiko odzigwira okha mphepo ikakula. Makinawa anayenda zaka pafupi-fupi khumi popanda kukonzedwa kwakukulu. Pamene mitengo ya mafuta inakwera koopsa mu 1973, vuto limene dziko la Zambia nalonso linalimva, amisiri a ku Denmark anatenga makina a ku Gedser kukhala citsanzo cao. Mu 1991 dzikolo linamanga ku Vindeby munda woyamba wa makina a mphepo oimikidwa m'nyanja, wa makina 11. M'caka ca 2019 mphepo inapereka magawo 47 pa 100 alionse a magetsi amene dziko la Denmark linagwiritsa nchito. Nyumba ya njerwa ija ya ku Askov inasandutsidwa yosungiramo mbiri ya bamboyu, kumene ana a sukulu amapita kukaphunzira.

Nchito ya amisiri a lero

Makina a masiku ano ndi aatali kuposa nyumba zosanja za mumseu wa Cairo, koma nchito ya mmisiri wa magetsi pa malo omangapo ikali yomwe ija ya ophunzira a ku Askov, ingokula. Asanayambe kumanga, mphepo imapimidwa pa nsanja kwa caka cathunthu kapena kuposerapo. Pomanga, mainjiniya amayang'anira kukumba ngalande ndi kuyala mawaya okhuthala ocokera ku makina alionse, kuika mathiransifoma okweza mphamvu ya magetsi, kukwirira mawaya a mkuwa pansi pa maziko kuti mphezi ikagwa ilowe m'nthaka, ndi kumanga siteshoni yosonkhanitsira magetsi onse. Mfundo iliyonse ya waya imayesedwa magetsi asanatsegulidwe, cifukwa mfundo imodzi yolumikizidwa mosasamala ingathe kuimitsa mzere wonse wa makina kapena kupha munthu.

Zimene zinacitika ku Kenya zionetsa kulemera kwa mbali imeneyi ya nchito. Pafupi ndi nyanja ya Turkana panaimikidwa makina 365 a kampani ya ku Denmark ya Vestas, otha kutulutsa mamegawati 310. Makinawo anali okonzeka mu 2017, koma anangoima cabe kwa nthawi yoposa caka, cifukwa mawaya a makilomita oposa 400 onyamula magetsiwo kupita ku Suswa anacedwa kutha mpaka mu 2018. Mphepo inalipo, mapiko analipo, koma popanda waya ndi amisiri ake palibe nyale imene inayaka.

Phunziro kwa dziko lino

Dziko la Zambia linadalitsidwa ndi madzi, ndipo madamu a Kariba ndi Kafue Gorge anyamula migodi ndi mizinda kwa zaka zambiri. Koma zilala za 2015, 2019 ndi 2024 zinaonetsa kuti kudalira gwero limodzi ndi ngozi. Mphepo ya kuno imalimba m'miyezi ya cilimwe, nthawi yomwe mitsinje imatsika, kotero kuti madzi ndi mphepo zingathe kulandizana nchito. Akatswiri anapima mphepo m'madera angapo, ndipo mapulani a minda ya makina a mphepo anakonzedwa ku Pensulo m'boma la Serenje ndi ku Katete m'cigawo ca Kum'mawa. Kutsidya kwa malire, ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, mnyamata William Kamkwamba anaonetsa mu 2002 kuti mwana wa mlimi angathe kupanga magetsi a mphepo ndi zitsulo zotayidwa ndi dainamo ya njinga.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Moyo wa Bambo la Cour uphunzitsa kuti makina angagulidwe kunja, koma nzeru yowaimika, yowalumikiza ndi yowakonza iyenera kukhala mwa ana a dziko. Sukulu za umisiri monga Northern Technical College ku Ndola, Lusaka Business and Technical College ndi Kafue Gorge Regional Training Centre, pamodzi ndi bungwe lofikitsa magetsi kumidzi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, zili ndi udindo wonga umene sukulu ya Askov inasenza. Makolo amene ana ao ali ndi luso la manja asawaone ngati olephera, pakuti munthu amene dziko lapansi likumkumbukira lero pa nkhani ya magetsi a mphepo anayamba ndi kulephera Cilatini. Ndipo anyamata ndi atsikana amene amagulitsa mabatire ndi kulumikiza masola ku Kamwala adziwe kuti nchito ili m'manja mwao ndi yolemekezeka, ndi kuti iyenera kuphunziridwa bwino, kuyesedwa ndi kugwiridwa mosamala, monga momwe mphunzitsi wa ku Askov anaphunzitsira ana a alimi mu 1904.